Miyendo Ikayamba Kulemera: Mmene Akazi Osewera Fencing Amaphunzitsira Thupi Kupirira

Pa 27 July 2024, mu holo ya Grand Palais mumzinda wa Paris, Vivian Kong wa ku Hong Kong anali kumbuyo ndi mapointi 1 kwa 7 pa ndime yotsiriza yolimbirana mendulo ya golide. Amene ankalimbana naye, Auriane Mallo-Breton, anali pakwawo, ndipo chikhamu chonse chinkachemerera iye. Kong anayamba kubweza mapointi imodziimodzi mpaka anafanana mphamvu, ndipo m'nthawi yowonjezera anapambana 13 kwa 12. Patangopita masiku awiri, mu holo yomweyo, Olga Kharlan wa ku Ukraine anachoka pa 5 kwa 11 n'kugonjetsa Choi Se-bin wa ku South Korea 15 kwa 14, n'kupezera dziko lake mendulo yoyamba pa Olimpiki imeneyo.

Kwa onse awiriwa, amenewa anali masewero achisanu tsiku limenelo. N'zoona kuti kuti munthu abweze mapointi ochuluka chonchi pamafunika nzeru, luso ndi kulimba mtima. Koma zonsezi zimakhala zopanda ntchito ngati miyendo yakana. Ubongo ukhoza kuona mpata bwinobwino, koma ngati ntchafu zachedwa pang'ono chabe, mpatawo umatsekeka munthu asanafike. Choncho aphunzitsi a masewerawa amakhala ndi funso limodzi lalikulu: kodi thupi tingaliphunzitse bwanji kuti lidzambatuke mwamphamvu kambirimbiri, kuyambira m'mawa mpaka usiku, liwiro lake osatsika? Yankho lake lili pa chimene akatswiri a zamasewera amachitcha anaerobic endurance.

Masewerawa ndi otani?

Fencing ndi masewera amene anthu awiri amalimbana ndi malupanga osathwa, aliyense n'cholinga chokhudza mnzake iye asanakhudzidwe. Akhala akuseweredwa pa Olimpiki iliyonse kuyambira ya ku Athens mu 1896, ndipo bungwe lowayendetsa padziko lonse, la FIE, linakhazikitsidwa ku Paris mu 1913. N'chifukwa chake woyimbira amalankhula Chifalansa: akati "Allez" ndiye kuti yambani, akati "Halte" ndiye kuti imani.

Malupanga alipo amitundu itatu. Pa foil, amene salemera kufika magalamu 500, pointi imawerengedwa nsonga ikakhudza thunthu la thupi. Pa épée, amene amalemera mpaka pafupifupi magalamu 770, thupi lonse ndi chandamale, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Pa sabre amaloledwa kumenya ndi m'mbali mwa lupanga, ndipo chandamale ndi kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba. Amasewerera pa kanjira kotalika mamita 14, kopapatiza moti palibe kozembera: kuli kutsogolo ndi kumbuyo basi.

M'ndime ya m'magulu, wopambana ndi amene wayamba kupeza mapointi 5 m'mphindi zitatu. M'ndime yachipulula amafunika mapointi 15, m'zigawo zitatu za mphindi zitatuzitatu, ndipo pakati pake amapumula mphindi imodzi yokha. Pa sabre, popeza mapointi amabwera mofulumira, amapumula wina akafika pa 8.

Akazi analowa mochedwa. Foil ya akazi inayamba pa Olimpiki ya 1924, pamene Ellen Osiier wa ku Denmark anapambana. Épée inadikira mpaka 1996 ku Atlanta, kumene Laura Flessel wa ku France anatenga golide, ndipo sabre inabwera mu 2004 ndi chipambano cha Mariel Zagunis wa ku America. Mkazi woyamba wa mu Africa kupeza mendulo ya Olimpiki pa masewerawa ndi Inès Boubakri wa ku Tunisia, amene anakhala wachitatu pa foil ku Rio de Janeiro mu 2016. Kuchedwa kumeneku kuli ndi zotsatira zake mpaka lero: njira zambiri zokonzekeretsera osewera zinayesedwa pa amuna, kenako n'kungopatsira akazi mmene zilili.

Matumba atatu a mphamvu

Kuti mnofu ukokeke umafuna kanthu kotchedwa ATP. Tingati ATP ndi ndalama imene mnofu umalipira pa ntchito iliyonse. Vuto n'lakuti mnofu umasunga ATP wochepa kwambiri, wongokwanira masekondi awiri kapena atatu a ntchito yamphamvu. Choncho thupi limayenera kupanga wina nthawi yomweyo, ndipo lili ndi njira zitatu zochitira zimenezi.

Njira yoyamba ili ngati ndalama za m'thumba. Mu mnofu muli phosphocreatine, amene amabwezeretsa ATP mwamsangamsanga popanda kudikira okosijeni. Ndalama za m'thumba sizifuna kupita kubanki, koma sizikhalitsa: munthu akamagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse, zambiri zimakhala zitatha pakapita masekondi pafupifupi 10.

Njira yachiwiri ili ngati katapila. Thupi limaphwanya shuga amene linasunga m'minofu, nayonso popanda okosijeni. Imapereka mphamvu mofulumira ndipo ndi imene imanyamula katundu wambiri pa ntchito yolimba ya masekondi 10 mpaka pafupifupi mphindi imodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Koma chiwongoladzanja chake n'chowawa. Asidi amachuluka m'minofu, ntchafu zimayamba kutentha, ndipo mnofu sukokekanso mwaliwiro ngati poyamba. Komanso ndi njira yowononga: kuchokera ku kachigawo kamodzi ka shuga imatulutsa ATP awiri kapena atatu okha.

Njira yachitatu ili ngati malipiro a pamwezi. Apa thupi limagwiritsa ntchito okosijeni amene mapapo akoka ndipo magazi anyamula, n'kuwotcha shuga ndi mafuta bwinobwino. Kuchokera ku kachigawo ka shuga komwe kaja imatulutsa ATP pafupifupi 30. Imachedwa kuyamba ndipo singathe kulipira ntchito yadzidzidzi, koma ikhoza kugwira ntchito maola ambiri.

Njira ziwiri zoyambazo ndi zimene zimatchedwa anaerobic, kutanthauza kuti "popanda mpweya". Sizikutanthauza kuti wosewera amabanika kapena amasiya kupuma. Zimangotanthauza kuti ntchitoyo ndi yachangu kwambiri moti okosijeni sangafike panthawi yake. Ndipo njira zitatuzi sizisinthana ngati magiya a galimoto, zonse zimagwira ntchito pamodzi, kungoti ina imatsogola.

Mfundo imene ambiri amaiphonya ndi iyi: ndalama za m'thumba zimabwezeredwa ndi malipiro. Phosphocreatine akatha, thupi limamupanganso pogwiritsa ntchito okosijeni panthawi yopumula. Pafupifupi theka limabwerera m'masekondi 30, koma kuti thumba lidzadzenso pamafunika mphindi zitatu mpaka zisanu. Wosewera amene thumba lake limadzadza msanga pa timasekondi tija woyimbira akupereka pointi, amayambanso ali ndi mphamvu. Amene thumba lake limachedwa amathamangira ku katapila, ndipo pofika chigawo chachitatu ngongole imakhala itamupanikiza. Kupirira kumene tikukamba pano sikupirira ululu kwa nthawi yaitali ayi, koma kutha kubwereza ntchito yaifupi yamphamvu mobwerezabwereza, n'kumachira mofulumira pakati pake.

Nanga lactate, amene anthu amamunena kuti ndiye amachititsa kuti thupi liphwanye mawa lake? Ameneyu amangonamiziridwa. Lactate amachulukadi m'magazi njira yachiwiri ija ikamagwira ntchito kwambiri, koma thupi limamugwiritsanso ntchito ngati chakudya cha mtima ndi cha minofu ina, monga anasonyezera George Brooks wa pa yunivesite ya California ku Berkeley m'zaka za m'ma 1980. Pakatha pafupifupi ola limodzi amakhala atabwerera mwakale. Kuphwanya kwa thupi kwa mawa lake kumabwera chifukwa cha timabala ting'onoting'ono ta m'minofu, makamaka pa ntchito imene thupi silinazolowere.

Lupanga lililonse ndi kutopa kwake

Ofufuza amene anawerengera nthawi pa mipikisano anapeza kuti, kuchokera pa "Allez" kufika pa "Halte", sabre imatenga pafupifupi masekondi atatu, foil pafupifupi asanu, ndipo épée pafupifupi 15. Wa sabre amapumula nthawi yotalika kangapo kuposa imene wagwira ntchito, pamene wa épée nthawi yogwira ntchito ndi yopumula zimakhala pafupifupi zofanana, ndipo pa épée ya akazi yogwira ntchito imatha kuposa yopumula.

Izi zikusonyeza kuti wa sabre amadalira kwambiri ndalama za m'thumba, pamene wa épée amakhala nthawi yaitali mawondo atapindika ngati wofuna kukhala pampando, akudumphadumpha, kunyengerera mnzake kuti alakwitse. Ameneyu amafuna mtima ndi mapapo olimba kwambiri. Kuwapatsa awiriwa zokonzekera zofanana kuli ngati kupatsa odwala awiri mankhwala amodzi chifukwa onse akuti mutu ukuwawa.

Ngakhale zili choncho, onse amakumana pa chinthu chimodzi chotchedwa lunge: kuponya mwendo wakutsogolo patali, wakumbuyo ukukankha thupi lonse, mkono utatambasuka. Pofika pansi, chidendene ndi bondo la kutsogolo zimalandira katundu woposa kulemera kwa thupi, kenako mwendo womwewo uyenera kukankha thupi kubwerera m'mbuyo nthawi yomweyo ngati nsonga yaphonya. Wosewera amachita zimenezi kambirimbiri patsiku, atavala jekete yochindikala, chigoba cha waya kumaso, golovesi, ndipo kwa akazi lamulo limawonjezera chotetezera pachifuwa cholimba. Kutentha kumatsekeredwa m'kati, thukuta limachuluka, ndipo mtima umagunda pafupi ndi malire ake.

Kutopa kukafika, sikuyamba ndi kugwa pansi. Kumayamba ndi tizinthu tating'ono. Mawondo amawongoka pang'ono, sitepe imatalika mosayenera, kubwerera m'mbuyo kumachedwa, nsonga imayamba kuphonya ndi masentimita awiri. Pa épée, makina amawerengera onse awiri pointi pokhapokha atakhudzana motalikirana nthawi yosaposa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 25 a sekondi. Pa masewera otere, kuchedwa kumene diso silingaone n'kokwanira kuluzitsa munthu.

Mmene amaphunzitsira thupi

Aphunzitsi amasiyana kachitidwe, koma ndondomeko yabwino imakhala ndi zigawo zisanu.

Choyamba ndi maziko. Miyezi ya kutali ndi mpikisano, wosewera amathamanga, kupalasa njinga kapena kusambira kwa mphindi 30 mpaka 40 pa liwiro loti akhoza kulankhula. Izi zimakulitsa mphamvu ya mtima yopopa magazi ndipo zimachulukitsa timitsempha ting'onoting'ono tofikitsa okosijeni m'minofu. Malipiro akakwera, thumba limadzadza msanga. Koma mpikisano ukamayandikira amazichepetsa, chifukwa kuthamanga mitunda italiitali tsiku ndi tsiku sikuphunzitsa mwendo kudzambatuka.

Chachiwiri ndi liwiro lenileni. Apa wosewera amagwira ntchito masekondi 5 mpaka 10 ndi mphamvu zake zonse, monga masitepe atatu kutsogolo, lunge, kubwerera, lunge inanso, kenako n'kupumula sekondi 40 mpaka 60 kapena kupitirira. Amabwereza kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu, n'kupumula mphindi zingapo asanayambe gulu lina. Wophunzira watsopano amaona ngati kupumula kotereku ndi ulesi, n'kumafuna kudumpha. Koma akadumpha, thumba limakhala lisanadzadze, liwiro limatsika, ndipo thupi limaphunzira kuyenda mochedwa. Lamulo lake n'losavuta: liwiro likangotsika, lekani.

Chachitatu ndi kubwereza mothinana. Apa nthawi yopumula amaidula dala kuti ifanane ndi ya mumpikisano. Wa épée akhoza kuyenda mwamphamvu pa kanjira kaja masekondi 15, kupumula 15, mpaka mphindi zitatu zikwane, n'kupumula mphindi imodzi, n'kuyambiranso mpaka zigawo zitatu. Wa sabre akhoza kuchita masekondi atatu kapena asanu n'kupumula 15 kapena 20, mobwereza kokwana 15. Izi zimaphunzitsa minofu kubwezeretsa phosphocreatine mwamsanga ndiponso kuziziritsa asidi.

M'gulu lomweli muli njira yotchuka ya Tabata: masekondi 20 a ntchito yoopsa, 10 opumula, kasanu ndi katatu, zonse pamodzi mphindi zinayi. Izumi Tabata wa ku Japan ndi anzake anafalitsa kafukufuku wake mu 1996, ndipo anapeza kuti m'milungu isanu ndi umodzi mphamvu ya anaerobic ya ophunzira amene anayesedwa inakwera ndi 28 peresenti. Koma pali ziwiri zofunika kudziwa. Ophunzirawo ankapalasa njinga mpaka kulefukeratu, osati timasewera topepuka timene lero timatchedwa Tabata pa YouTube. Ndipo onse anali amuna. Njirayi ndi yothandiza, koma ndi tsabola, si ndiwo. Kawiri pamlungu n'kokwanira, ndipo pakati pake padutse masiku awiri.

Chachinayi ndi kulimbitsa minofu ndi zitsulo: kunyonyomala n'kudzuka utanyamula katundu, kuchita zomwezo ndi mwendo umodzi, kudumpha n'kutera mosamala, kulimbitsa minofu ya kumbuyo kwa ntchafu, ya m'chiuno ndi ya pamimba. Chifukwa chake n'chakuti mwendo wamphamvu umagwiritsa ntchito gawo lochepa la mphamvu zake pa lunge iliyonse, choncho umachedwa kutopa. Munthu wotha kusenza thumba la makilogalamu 50 satopa msanga ndi la makilogalamu 10. Palinso chifukwa china: fencing imalemetsa mbali imodzi ya thupi, moti mwa osewera akale ntchafu ya kutsogolo ndi mkono wogwira lupanga zimakula kuposa zinazo. Zitsulo zimathandiza kuti mbali inayo isatsalire.

Chachisanu ndi kusewera utatopa. Mphunzitsi amaika wosewera mmodzi pakati, n'kumamusinthira anzake amene apumula, kapena amamuuza kuti ayambe ali kumbuyo 10 kwa 13 atangomaliza kuthamanga. Cholinga n'chakuti dzanja ndi maso zizolowere kugwira ntchito molondola pamene chifuwa chili wefuwefu. Koma luso latsopano saphunzitsa munthu atatopa, chifukwa zolakwika zimakhazikika. Zatsopano zimabwera kumayambiriro, thupi litangotenthetsedwa bwino.

Pakatsala mlungu umodzi kapena iwiri kuti mpikisano uchitike, amachepetsa kuchuluka kwa ntchito koma osachepetsa liwiro. Thupi silikula mphamvu panthawi imene likuvutika, limakula pamene likupumula, makamaka m'tulo. Wosewera amene amagona maola asanu chifukwa cha mayeso kapena foni amataya gawo la zimene anakhetsera thukuta.

Zimene thupi la mkazi limafuna

Tikatengera anthu ambiri, akazi amakhala ndi minofu yochepa poyerekeza ndi amuna, choncho mphamvu yawo ya kamodzin'kamodzi imakhala yotsikirapo. Koma kafukufuku wambiri wasonyeza kuti pa ntchito yobwerezabwereza akazi satsika msanga ngati amuna, ndipo kawirikawiri amachira mofulumira pakati pa ntchito ina ndi inzake. Tanthauzo lake n'lakuti mtsikana wosewera nthawi zambiri amapindula kwambiri akawonjezera mphamvu ndi liwiro, osati akangowonjezera maola ovutika. Mantha oti zitsulo zimupatsa thupi lachimuna alibe maziko, chifukwa mahomoni amene amakulitsa minofu chotero ndi ochepa kwambiri mwa akazi.

Chachiwiri ndi magazi. Okosijeni amanyamulidwa ndi haemoglobin, ndipo haemoglobin amapangidwa ndi ayironi. Mkazi amataya ayironi mwezi uliwonse kudzera mu msambo, n'chifukwa chake wa zaka 19 mpaka 50 amalangizidwa kupeza mamiligalamu 18 patsiku pamene mwamuna amafuna 8. Bungwe la WHO limati mkazi amene si woyembekezera ali ndi vuto la kuchepa kwa magazi ngati haemoglobin wake sakufika magalamu 12 pa desilita. Mwina wina angadabwe kuti ayironi akukhudzana bwanji ndi ntchito yosafuna okosijeni. Kumbukirani kuti thumba lija limadzadzidwa ndi malipiro. Ayironi akachepa, lunge yoyamba ikhoza kukhala yaliwiro ndithu, koma ya nambala 30 imakhala yofooka. Mtsikana wotere amatha kunenedwa kuti ndi waulesi, n'kuwonjezeredwa zothamanga, pamene chimene akufunika ndi kukayezetsa magazi.

Nkhaniyi ikukhudza ambiri a ife amene sitidya nyama. Ayironi wa m'zomera salowa m'thupi mosavuta ngati wa m'nyama, moti osadya nyama amalangizidwa kupeza wochulukirapo, pafupifupi kuwirikiza kawiri. Nyemba, soya, nandolo, khobwe ndi masamba obiriwira monga bonongwe zimathandiza, makamaka zikadyedwa pamodzi ndi zokhala ndi vitamini C monga malalanje, magwafa kapena tomato. Tiyi amalepheretsa ayironi kulowa bwino ngati amwedwa panthawi ya chakudya. Osadya nyama ndi nsomba amakhalanso ndi creatine wocheperapo m'minofu, ngakhale kuti thupi limadzipangira wina lokha. Izi sizitanthauza kuti sangapambane. Vivian Kong yemwe uja sadya chilichonse chochokera ku nyama. Zimangofuna kuti chakudya chikonzedwe mwanzeru, ndipo mankhwala owonjezera asamwedwe popanda malangizo a dokotala, chifukwa ayironi wochuluka amawononga thupi, ndiponso ufa wina wogulitsidwa kwa osewera umakhala ndi zinthu zoletsedwa pa mipikisano.

Chachitatu, ndipo mwina choopsa kuposa zonse, ndi kudya mopereweza. Njira yachiwiri ija imayendera shuga wosungidwa m'minofu, amene amachokera ku zakudya zopatsa mphamvu monga mpunga, buledi, mbatata ndi chimanga. Mtsikana amene akudzimana zakudya zoterezi pofuna kuchepetsa thupi, kwinaku akuchita zokonzekera zolimba, amaika thupi lake pa njala. Thupi likaona choncho limayamba kuzimitsa ntchito zina: msambo umasokonezeka kapena kusiyiratu, mahomoni oteteza mafupa amatsika, mafupa amafooka n'kuyamba kung'aluka, matenda amabwera pafupipafupi. Mu 2014 komiti ya Olimpiki ya padziko lonse inatcha vutoli RED-S. Kusiya kusamba si chizindikiro chakuti mtsikana walimba thupi, monga ena amanenera. Ngati padutsa miyezi itatu osasamba pamene si woyembekezera, ayenera kuonana ndi dokotala. Mafupa amamangidwa kwambiri paunyamata ndi m'zaka za m'ma 20, ndipo zimene zatayika panthawiyi sizibwerera zonse.

Chachinayi ndi mawondo. Pa masewera odumpha ndi otembenuka mwadzidzidzi, akazi amaduka mnyewa wolumikiza mafupa a bondo wotchedwa ACL kawirikawiri kuposa amuna. Kong anaduka mnyewa umenewu m'mawondo onse awiri, lina mu 2017 linalo mu 2019, ndipo ulendo uliwonse anayambiranso. Ngozi imakula munthu akatopa, chifukwa bondo limayamba kugwera m'kati pofika pansi. N'chifukwa chake mphunzitsi wabwino amayang'ana bondo kuposa wotchi. Likayamba kupendekera m'kati, zokonzekera za tsikulo zatha, ngakhale pepala likunena kuti kwatsala maulendo atatu.

Nanga masiku a msambo? Kafukufuku amene waphatikiza zotsatira za akazi ambiri akusonyeza kuti kusiyana kwa mphamvu pa masiku osiyanasiyana a mwezi n'kochepa, koma munthu ndi munthu amasiyana kwambiri. Wina saona kusintha kulikonse, wina amamva kupweteka m'mimba ndi kufooka masiku awiri oyamba. Choncho palibe ndondomeko imodzi ya akazi onse. Chothandiza n'chakuti wosewera azilemba m'kabuku masiku ake, tulo take ndi mmene wamvera pa zokonzekera. Pakatha miyezi itatu kapena inayi amaona yekha mmene thupi lake limayendera, ndipo akhoza kusuntha tsiku la ntchito yolimba ngati pakufunika. Izi zimatheka pokhapokha ngati pali mphunzitsi kapena wachipatala amene mtsikanayo angalankhule naye momasuka. Paja mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Pa Olimpiki ya ku Paris yomwe ija, Nada Hafez wa ku Egypt anasewera sabre ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo anapambana masewero ake oyamba. Zimenezi zinaonetsa dziko zimene thupi la mkazi wokonzekera bwino lingathe kuchita. Koma si chitsanzo chongotengera. Mayi woyembekezera amene akufuna kupitiriza masewera olimba ayenera kutsogoleredwa ndi achipatala amene akumudziwa.

Kudziwa ngati zikuthandiza

M'malo oyezera osewera amagwiritsa ntchito mayeso a Wingate, amene anayambira ku Wingate Institute ku Israel m'zaka za m'ma 1970. Munthu amapalasa njinga yapadera ndi mphamvu zake zonse kwa masekondi 30, ndipo makina amaonetsa mphamvu yake yapamwamba komanso mmene yatsikira pofika kumapeto. Koma njinga si lupanga, choncho aphunzitsi ambiri amakonda kuyezera pa kanjira kosewerera.

Njira yosavuta imangofuna wotchi. Wosewera amayenda mtunda woikika, kutsogolo ndi kumbuyo, m'kaimidwe kake ka masewera, n'kumaliza ndi lunge. Amabwereza kasanu ndi kamodzi, akupumula masekondi 15 kapena 20, ndipo nthawi ya ulendo uliwonse imalembedwa. Pakatha milungu isanu ndi umodzi amayezanso. Ngati ulendo woyamba wafulumira, liwiro lakwera. Ngati ulendo womaliza wayandikira woyamba, kupirira kwakwera. Zonse ziwiri zimafunika, chifukwa munthu akhoza kuoneka wopirira pongoyamba mochedwa. Chinanso ndi kuwerenga kugunda kwa mtima atangomaliza, n'kuwerenganso pakatha mphindi imodzi, yomwe ndi nthawi imene amapatsidwa pakati pa zigawo. Mtima ukamatsika msanga kuposa kale, ndiye kuti zikuyenda.

Madzi nawonso amayezeka. Wosewera akakwera sikelo asanayambe ndiponso atamaliza, kilogalamu iliyonse imene yachoka ndi pafupifupi lita imodzi ya thukuta. Kutaya madzi oposa 2 peresenti ya kulemera kwa thupi kumayamba kufooketsa munthu. Kwa mtsikana wa makilogalamu 60, amenewo ndi makilogalamu 1.2 okha, amene m'zovala zotentha zija sachedwa kutayika.

Pali zizindikiro zosonyeza kuti ntchito yapitirira muyeso: liwiro kutsika milungu ingapo motsatizana, mtima kugunda kwambiri podzuka m'mawa, kusowa tulo, kukwiya msanga, chimfine chosatherapo ndi kupweteka kwa fupa pamalo amodzi. Zikaoneka, mankhwala ake ndi kuchepetsa ntchito, kudya mokwanira ndi kugona, osati kulimbikira.

Ambiri a owerenga athu mwina sadzagwirapo lupanga la fencing. Koma aliyense amene anasewerapo netball akuidziwa miyendo ija imalemera m'chigawo chachinayi, pamene maso akuuona mpira koma thupi likufika mochedwa. Matumba atatu aja ndi omwewo, ndipo ayironi, chakudya, tulo ndi mawondo zimafunsa zomwezo kwa mtsikana wa pabwalo la pakoleji monga kwa wa mu Grand Palais. Valentina Vezzali wa ku Italy anatenga mamendulo agolide asanu ndi limodzi pa Olimpiki pakati pa 1996 ndi 2012, ndipo Kharlan anali ndi zaka 33 pamene ankabweza mapointi aja. Kukhalitsa chotere pamwamba kumatheka kwa wosewera amene thupi lake lasamalidwa chaka ndi chaka: wothamanga mwamphamvu pa nthawi yake, wopumula mokwanira, wodya zokhutitsa ntchito imene akugwira, ndi wolankhula msanga pamene china chake chalakwika.